Kusankha zida za kompyuta ya padesiki ndalama zikakhala zochepa: mafunso ndi mayankho a ku Mangochi

Awa ndi mafunso amene amabwera mobwerezabwereza pa benchi yanga yokonzera makompyuta kuno ku Mangochi Boma. Ofunsa ake ndi a mashopu otayipa ndi fotokope, anyamata obena nyimbo, ojambula zinkhoswe ndi maukwati, aphunzitsi a ku Namwera ndi ku Malindi, ngakhalenso eni malo ogona alendo a ku Monkey Bay. Pafupifupi onse amayamba ndi kufunsa za liwiro. Koma makina amene amafika kwa ine atafa, ambiri amakhala ataphedwa ndi zinthu zitatu: magetsi, kutentha ndi fumbi. Mayankho angawa atsamira pamenepo.

Mitengo ya m'makwacha sindinaikemo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mwamva lero sufika mwezi wamawa.

Ndalama zanga ndi zochepa. Ndiyambire pati?

Tengani pepala mulembe ntchito imene makinawo azigwira tsiku ndi tsiku. Wotayipa makalata, ma CV ndi mapulogalamu a mwambo wa maliro safuna makina ofanana ndi a wodula vidiyo ya ukwati ya maola atatu. Wopanga mabiti pa FL Studio amafuna purosesa yabwino ndi RAM yokwanira (RAM ndi mosungira zinthu kwa kanthawi makina akamagwira ntchito), graphics card, khadi loonetsera zithunzi, alibe nayo ntchito. Amene khadilo limamukhudza ndi wa masewera ngati eFootball ndi GTA V.

Mukatero, patulani kaye ndalama ya power supply yodalirika (kabokosi kogawira zida zonse magetsi) ndi UPS (batire yogwiriziza magetsi akathima), kenako ya SSD yosungira zinthu, kenako ya purosesa, motherboard ndi RAM. Kesi ndi timagetsi tokongoletsa tibwere pamapeto, ngati patsala kanthu. Ambiri amachita chosemphana: chuma chonse amathira pa purosesa, chenji n'kugulira power supply yopanda dzina.

Kodi si "CPU" yokha imene ndikufuna? Zida zake ndi zingati?

Kuno timatcha bokosi lonse lija CPU, ndipo dzinali limasokoneza pogula. CPU yeniyeni ndi purosesa, kachitsulo kokwana pachikhatho. M'bokosimo mumakhala purosesa ndi fani yake, motherboard imene zonse zimalumikizidwapo, RAM, SSD yosungira zinthu, power supply, ndi graphics card ngati ikufunika. Bokosilo ndi kesi. Monitor, kiyibodi ndi mausi muziwerengere padera, chifukwa anthu amaziiwala mpaka tsiku loyatsa.

Intel kapena AMD, yabwino ndi iti?

Zonse ndi zabwino, mkangano umenewu usakutayitseni nthawi. Pa ndalama zochepa pali njira ziwiri zimene ndimaloza.

Ku AMD, Ryzen 5 5600G. Ili ndi ma core 6 (timagawo togwira ntchito nthawi imodzi), imadya mawati 65, ndipo ili ndi mbali yoonetsera zithunzi mkati mwake momwemo, yamphamvu ndithu moti masewera opepuka amayenda popanda khadi. Imakhala pa soketi (pokhala purosesa pa motherboard) ya AM4, imene yakhala pamsika kuyambira 2016, choncho ma motherboard ake, atsopano ndi akale omwe, savuta kupeza.

Ku Intel, Core i3-12100 ya 2022, ya ma core 4, pa soketi ya LGA1700. Pa Word, Excel, CorelDRAW ndi intaneti imathamanga bwino zedi, ndipo mukadzapeza ndalama mungathe kuichotsa n'kuikapo i5-12400 osasintha china chilichonse. Pa masewera popanda khadi, 5600G imaiposa.

Funsani ngati purosesayo ikubwera m'bokosi lake. Ya m'bokosi imakhala ndi fani. Ina imagulitsidwa yokhayokha, fani mugule padera.

Wina akundigulitsa i7 motchipa. Si ndiye yoposa i3?

Apa ndi pamene anthu ambiri amaberedwa masanasana. Mawu akuti i3, i5 kapena i7 paokha sakuuzani kanthu. Yang'anani manambala otsatira. Mu i7-2600, 2 woyambayo akusonyeza m'badwo wachiwiri, wa 2011. Mu i7-3770 ndi m'badwo wachitatu, wa 2012. Mu i3-12100, 12 akusonyeza m'badwo wa 12. Ka i3 kameneka kamaisiya kutali i7 ya 2012 ija, ndipo kamadya magetsi ochepa. Wogulitsa akangoti "ndi i7 iyi bwana" osatchula manambala, muuzeni ayatse muone nokha.

Zilembo za kumapeto nazo zili ndi tanthauzo. Ku Intel, F, monga mu i3-12100F, ndiye kuti ilibe mbali yoonetsera zithunzi: popanda graphics card monitor ingokhala bii. Ku AMD pa AM4 zimatembenuka: ya G ndiyo ili nayo, pomwe Ryzen 5 5500 ndi 5600 zopanda G zilibe. Ndalandirapo makina atsopano "okana kuyaka" amene vuto lake linali chilembo chimodzi chimenechi.

Motherboard ndisankhe yotani?

Yotchipa ya kampani yodziwika, monga ASUS, MSI, Gigabyte kapena ASRock, ya saizi ya micro-ATX. Motherboard yodula siwonjezera liwiro la Word.

Chachikulu n'kuti igwirizane ndi purosesa. Ya 5600G ndi A520, B450 kapena B550. B450 inatuluka purosesayi isanabadwe, choncho yakale imafuna kuti BIOS yake, pulogalamu ya mkati mwa board imene imayatsa makina, ikwezedwe kaye; wogulitsa achite zimenezo musanalipire. Ya i3-12100 ndi H610, B660 kapena B760. Ma board a LGA1700 alipo a RAM ya DDR4 ndi a RAM ya DDR5, ndipo RAM ya mtundu wina silowa mwa unzake, mpata wake uli malo osiyana. Werengani pabokosi.

Onaninso kumbuyo kwake. Ngati monitor yanu ndi yakale ya chingwe cha VGA, ija ya pulagi ya buluu, board ikhale ndi potulukira VGA. Ya Intel yogula kwa munthu muiunike ndi tochi ya foni pa soketi, chifukwa timapini tili pamenepo ndipo kamodzi kakapindika n'kovuta kuwongola. Ku AM4 timapinito tili pa purosesa.

RAM ya 8GB ikwana?

Yotayipira ikwana, ngakhale Chrome ikatsegula masamba ambiri imayamba kupuma movutikira. Ngati mungathe, 16GB. Wodula mavidiyo asatsike pamenepo.

Koma gulani timitengo tiwiri m'malo mwa kamodzi: 8GB ziwiri, kapena 4GB ziwiri ngati zavuta. Ziwiri zimatsegula njira ziwiri zopitira ku purosesa, ndipo pa 5600G, imene zithunzi zake zimabwereka RAM yomweyo, kusiyana kwake pa masewera kumaoneka ndi maso. DDR4-3200 ndiyo yoyenera. Mukaika, lowani mu BIOS muyatse XMP, imene imalola RAM kuyenda pa liwiro lake lonse, apo ayi iziyenda pansi pa liwiro limene munalipirira. Pa board ya mipata inayi, kawirikawiri timitengoti timalowa mu wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa.

RAM ya laputopu ndi yaifupi, silowa mu desktop. Ndipo chakumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse, choncho yogwiritsidwapo kale musainyoze. Simafa wamba. Ingoiyesani ndi pulogalamu ya MemTest86 usiku umodzi.

Hard disk ya 1TB ndi SSD ya 256GB mtengo ukufanana. Nditenge yaikuluyo?

Tengani SSD. Palibe chida china chimene chimasintha makina pa ndalama yochepa ngati chimenechi. Hard disk ili ndi mbale yozungulira ndi kamkono kowerenga, ndipo imatulutsa ma MB 150 mpaka 200 pa sekondi ikakhala pabwino. SSD ya SATA imafika cha m'ma 550, ya NVMe yolowa pa kampata ka M.2 imatha kufika 3,500. Kunena zoona, pakati pa SATA ndi NVMe wotayipa saona kusiyana. Chachikulu ndi kuchoka pa mbale ija.

Obena nyimbo ndi ojambula, inu mukufuna zonse ziwiri: SSD ya 256GB kapena 512GB ya Windows ndi mapulogalamu, hard disk yosungira mafilimu ndi zithunzi. Hard disk yakale muione ndi CrystalDiskInfo, imene imaonetsa maola amene yagwira ntchito ndi thanzi lake. Ikalemba zachikasu isiyeni. Ndipo vidiyo ya ukwati wa eni ake izikhala malo awiri mpaka mutaipereka. Mwambowo sadzaubwereza chifukwa cha disk yanu.

SSD yopanda dzina yolembedwa 2TB pa mtengo wa chiwaya cha chipisi ndi yabodza. Pulogalamu ya H2testw imaulula kukula kwake kwenikweni.

Chifukwa chiyani mumaumirira za power supply? Kesi yanga yabwera nayo kale.

Chifukwa ndi chida chimene chikamafa chimatha kutenga ndi anzake. RAM ikafa imafa yokha. Power supply yoipa ikaphulika imatha kupita ndi motherboard, SSD ndi ntchito zonse za makasitomala.

Ija yobwera ndi kesi yotchipa imalembedwa 500W kapena 650W, koma inyamuleni mumve kupepuka kwake, ngati chitini chopanda kanthu. Nambala yapamwambayo isakunyengeni. Werengani kapepala ka m'mbali pa mzere wa +12V, chifukwa purosesa ndi khadi zimadya pamenepo. Chulukitsani ma amp ndi 12: ikalemba 18A, ndiye mawati 216 basi, kaya pabokosi alembapo chiyani.

Funani ya Corsair, Cooler Master, Seasonic kapena ina yodziwika, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus, makamaka Bronze. Makina opanda khadi, 450W ndi yokwana n'kutsala. Ngati mudzaika khadi, 550W. Yolembedwa kuti imalandira 100 mpaka 240V ndiyo yotikomera kuno, chifukwa magetsi athu a 230V amatha kufooka madzulo, mababu n'kufiira, iyo n'kumagwirabe.

Chenjezo limodzi: zakale zina zili ndi kaswitchi kofiira kumbuyo ka 115 ndi 230. Makina ochokera ku America amabwera kali pa 115. Mukalumikiza choncho mumva phu! ndi fungo. Ndipo power supply musamaitsegule, imasunga moto ngakhale mutazula pakhoma.

UPS ndi yofunikadi, kapena adaputala ya surge ikwana?

Ntchito zake n'zosiyana. Ya surge imatchinga moto wobwera mwadzidzidzi, koma magetsi akathima makina amathima nawo. UPS ili ndi batire imene imakupatsani mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino. Amene anali pa geni mu 2022, namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, akudziwa mmene Windows imawonongekera ikamathimitsidwa mwadzidzidzi tsiku ndi tsiku.

Ya 650VA imapereka mawati osafika 400, okwanira makina opanda khadi ndi monitor. Ikhale ya AVR, yowongola magetsi akatsika kapena kukwera. Makina a khadi amafuna 1000VA kupita m'mwamba, ndipo power supply zina zamakono zimakana UPS yotchipa, zimangothima batire ikalowa. Yesani pozula pulagi pakhoma makina ali mkati mogwira ntchito.

A fotokope, printer ya laser musailumikize ku UPS. Potenthetsa imakoka moto wambiri nthawi imodzi. Dziwaninso kuti kabatire ka 12V 7Ah ka mkatimo kamakalamba msanga m'malo otentha ngati kwathu kuno, koma kamasinthika, simufunika kugula UPS ina.

Kesi ikamakugwirani shoko pang'ono mukaikhudza, nyumbayo ilibe waya wa earth. Itanani wamagetsi, chifukwa popanda earth ya surge ija nayo ndi chokongoletsa chabe. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani zonse pakhoma.

Kwathu ku Makanjira ndimadalira sola. Desktop itheka?

Itheka mukasankha zosadya kwambiri. Makina a 5600G kapena i3-12100 pamodzi ndi monitor ya mainchi 22, pa ntchito yotayipa, safika mawati 100. Mawati 100 kwa maola 10 ndi yuniti imodzi, apo muwerengere batire yanu. Khadi ngati RX 580 palokha limadya mawati 185. Inverter ikhale ya pure sine wave. Koma ngati ntchito ndi yotayipa yokha ndipo sola ndi yaing'ono, ndikuuzani mosabisa: gulani laputopu.

Nanga kutentha kwa kuno, ndigule fani ija ya madzi?

Ayi, ndi kuwononga ndalama. Purosesa ya mawati 65 imakhutira ndi fani ya m'bokosi, bola mpweya uziyenda. Inde, Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 35, ndipo m'kashopu ka malata kopanda siling'i ndiye ng'anjo. Fani imaziziritsa ndi mpweya wa m'chipindamo, choncho malangizo a anthu a ku Ulaya muziwonjezerapo.

Kesi ikhale ya kutsogolo kwa timabowo, fani imodzi kapena ziwiri zokoka mpweya kutsogolo, ina yotulutsa kumbuyo. Zija za galasi ponseponse ndi timagetsi tamitundumitundu, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere: zimaoneka bwino, purosesa ikuphikika. Pa pulogalamu ya HWMonitor, purosesa ikamafika madigiri m'ma 70 kapena 80 pa ntchito yolemera palibe vuto. 5600G imayamba kudzichepetsa liwiro pa 95. Mukaona ikuyandikira pamenepo, pali cholakwika.

Fumbi ndiye mdani wa pang'onopang'ono, makamaka nthawi ya mwera ndiponso kwa amene shopu ili m'mbali mwa msewu. Makina akhale patebulo, pansi ayi. Miyezi itatu iliyonse atulutseni panja muwapemerere ndi blower, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Mabowo a kumbuyo osagwiritsidwa ntchito atsekeni. Mayi wina anabweretsa makina amene anangothima ndi kaphokoso. Titayang'ana, nalimata anali atauma gwa mu power supply. Mphemvu nazo zimakonda kufunda kwa mmenemo, ndiye mandasi azidyedwa kutali.

Graphics card ndigule iti?

Choyamba dzifunseni ngati mukuifunadi. Yambani ndi 5600G, mugwiritse ntchito mwezi umodzi, ndipo mukaona ikuperewera mudzagule. Khadi limalowa nthawi ina iliyonse.

Ngati ikufunika, GTX 1650 imadya mawati 75 ndipo mitundu yake yambiri sifuna chingwe chapadera cha moto. RX 6600 ya 8GB, ya mawati 132, ndiyo yabwino pa masewera a 1080p thumba likalola. RX 580 ya 8GB imapezeka motchipa, koma dziwani mbiri yake: makadi ambiri otere ankakumba ndalama za pa intaneti usana ndi usiku mpaka Ethereum, imodzi mwa ndalamazo, itasiya njira imeneyo mu Sepitembala 2022, ndiye anakhuthukira pamsika. Ena akadali bwino, ena atopa. GT 1030 ilipo ya GDDR5 ndi ya DDR4, dzina limodzi, koma ya DDR4 ndi yofooka kwambiri. Ndipo kuika GT 710 kapena GT 730 pa makina a 5600G ndi kubwerera m'mbuyo.

Abodza nawo alipo. Mnyamata wina anabwera ndi khadi lolembedwa GTX 1050 Ti, latsopano m'pulasitiki, atagula pa Facebook. Masewera ankangotseka okha. Pulogalamu ya GPU-Z itaunika, mkati munali GTS 450 ya 2010 yosinthidwa dzina. Chizindikiro chinalipo poyera: linali ndi potulukira VGA, chimene 1050 Ti yeniyeni sikhala nacho. Wogulitsa anali atatseka kale nambala.

Mukaika khadi, chingwe cha monitor chichoke pa motherboard chipite pa khadilo. Musaseke, zimachitika sabata ndi sabata.

Bwanji ndingogula Dell ya ex-UK m'malo movutika chonchi?

Nthawi zambiri ndi nzeru, ndipo a mashopu otayipa ndimawauza zomwezo. Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre anapangidwira maofesi, ndi olimba. Funani a m'badwo wa 8 kupita m'mwamba, monga OptiPlex 3060, 5060 kapena 7060, EliteDesk 800 G4, kapena ThinkCentre M720, okhala ndi i5-8500 ya ma core 6. Onjezerani RAM ndi SSD, mwamaliza.

Vuto lake ndi lakuti ndi nyumba ya lendi, simungagwetse khoma. Power supply yake ndi ya mawonekedwe akeake ndi mapulagi akeake, ikafa muyenera kusaka yofanana nayo. Mwa ang'onoang'ono aja imakhala ya mawati pafupifupi 200, ndipo mumangolowa khadi lalifupi la low profile. Wofuna masewera kapena wofuna kumakuza makina chaka ndi chaka amange ake.

Za m'badwo wa 8 zikubwera bwanji?

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachida kachitetezo ka m'makina, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'mwamba. Ku AMD, ma Ryzen oyambirira a 2017 sali pa mndandanda wa zololedwa, ngakhalenso 2200G ndi 2400G. Njira zoikakamizira pa makina akale zilipo, koma pogula lero musadziikire nokha msampha. Amene muli kale ndi akale, Linux Mint ndi yaulere ndipo pa intaneti ndi kulemba imagwira bwino.

Windows 11 yokha ndi ma GB opitirira 5, osawerengera ma update. Konzekerani bandulo, kapena pitani ndi flash kwa amene ali nayo.

Ndingamagule chida chimodzichimodzi mwezi ndi mwezi?

Pang'onopang'ono ndi mtolo, komanso kwacha yosunga pansi pa pilo imasungunuka, ndiye maganizowo ndi omveka. Koma waranti imayamba tsiku la pa lisiti. Motherboard ikagona mu sutikesi miyezi isanu n'kudzapezeka yakufa, wa shopu sadzakumverani.

Yambani ndi zimene mungayese pa makina a mnzanu kapena zosavuta: monitor, kesi, SSD, power supply, UPS. Purosesa, motherboard ndi RAM mugule tsiku limodzi, mwina mwezi umene chipereganyu chagwera inu.

Achimwene ali ku Joni. Ndiwatume chiyani?

Zing'onozing'ono zodula: purosesa, RAM, SSD, mwina ndi power supply. Kesi ndi UPS ndi zolemera, mtengo wa transipoti udya phindu lonse. Atumizireni dzina lonse la chida ndi manambala ake pa WhatsApp, chifukwa "Ryzen 5" yokha akubweretserani ina. Magetsi a ku South Africa ndi 230V ngati athu, chosiyana ndi pulagi. Chingwe chake ndi chija cha ketulo, chimapezeka paliponse. Kumbukirani msonkho wa MRA pachipata, komanso kuti chida chikafika chakufa, kuchibweza ku Johannesburg si nkhani yamasewera.

Ndikugula ku Limbe kapena ku Lilongwe. Ndichite chiyani ndisanakwere minibasi?

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba chida musanachione chikugwira ntchito. Auzeni alumikize, ayatse, mutsegule pulogalamu ya CPU-Z muone ngati dzina la purosesa ndi kukula kwa RAM zikufanana ndi zimene mwagwirizana. Makinawo agwire ntchito yolemera mphindi 15 inu muli pompo. Pa lisiti alembe nambala ya siriyo ya chida chilichonse ndi masiku a waranti.

Ngati mukamangira kunyumba, musaiwale thermal paste, yopaka pakati pa purosesa ndi fani, ngati fani ilibe yake. Kadontho ngati njere ya nandolo n'kokwana, ndipo kapulasitiki ka pansi pa fani kachoke. Timiyendo tamkuwa tokweza motherboard tikhale m'malo mwake kuti isagunde chitsulo cha kesi.

Ngati amanga konko, chotsani graphics card muikulunge payokha, chifukwa mabampu a msewu wa M3 kuchokera ku Liwonde amatha kuthyola mpata wake. Kondakitala akati katundu apite kubuti, kanani; kumeneko adzasanjikapo thumba la chimanga. Lipirirani mpando kapena munyamule pamiyendo. Mukafika, musanayatse, tsegulani m'mbali mukanikize RAM mpaka imveke kuti tha, chifukwa makina ambiri "ofera m'njira" amakhala kuti kamtengo kamodzi kangosunthako pang'ono.